Keptauni Anatulukira mu Pulinta

Manong'onong'o anayamba kale, ng'ombe ya a Mfundo isanasowe n'komwe. Pamjigo, pachigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi potuluka, nkhani inali imodzi: mu kompyuta ya ku situdiyo kwa a Hilary muli ndondocha. Ati imagwira ntchito popanda woikhudza. Ati ukaipatsa kakhadi ka mufoni, iwe n'kutembenuka kuti ukande pamsana, zithunzi zako zatuluka kale. Ena ankati a Hilary anakaikhwimitsa ku Mozambiki, ena ati ayi, anabwera nayo ku Joni zinthuzo zili momwemo. Nkhani zoterezi ine ndimazikonda, sindikana, ndipo ikanakhala ya kwa eni ndikanaifikitsa mpaka ku Balaka. Koma iyi inkandilemera pakamwa, poti amene amakhala pa kompyutapo tsiku lililonse ndi achemwali anga, a Eliness.

Ine ndine Nomsa, uja ndimagulitsa zitumbuwa pakhonde la situdiyo yomweyo pa Manjawira pano. Ndiye za ndondochazo mumve kwa ine amene ndinalipo.

Nyengo yoti ana asukulu akufuna zithunzi za mayeso, achemwali ankaweruka dzanja likuwawa. Munthu aliyense ntchito yake yomweyomweyo: kutsegula khadi, kusankha chithunzi, kudula kuti itsale nkhope yokha, kuchepetsa, kuchulukitsa kuti tidzaze pepala, kutumiza ku pulinta. Wina akalowa, kuyambiranso. Tsiku lina akufufuzafufuza mu kompyutamo anapeza kachida kamene kanabwera nayo kuchokera komwe inapangidwa, kosagula padera. Ati mmenemo umandandalika ntchito zako, iyi ikatha ibwere iyi, iyi ikatha ibwere iyo, ndipo pamwamba umaikapo chimene chiziyambitsa zonsezo. Iwo anaika kuti chinthu chokhala ndi zithunzi chikangolumikizidwa, kompyuta itenge chithunzi chatsopano kwambiri, idule, ichulukitse, isindikize. Basi. Anandiuza kuti n'chimodzimodzi ng'ombe za pangolo, zikazolowera njira ya kudimba mwini amatha kugona pamatumba, zokha zikafika. Anaiphunzitsanso zina, monga kupatsa mafayilo mayina a tsiku ndi kutaya zinyalala poweruka, moti anayamba kupeza mpata wotuluka pakhonde kudzandidyera zitumbuwa zanga.

Ndondocha yake ndi imeneyo. Ndinayesa kufotokoza pamjigo, koma mayi wina anangoti m'bale wa mfiti sangavomere.

Lolemba magetsi anazima osabweranso, ndipo usiku womwewo Keptauni anasowa.

Keptauni ndi ng'ombe ya pangolo ya a Mfundo, yofiira, nyanga imodzi yothyoka. A Mfundo ndi nkhalamba ija inakagwira ntchito ku mgodi ku Joni kalekale. Ng'ombe zawo amazitcha mayina a kumeneko, ndipo khola salitchula kuti khola, amati chibaya. Atafunafuna m'madambo monse osaipeza, Lachitatu mmawa anabwera ku situdiyo kuti achemwali awalembere chidziwitso chomata m'mitengo. Magetsi kunalibebe, koma kompyuta ija ndi yopinda ngati buku, ili ndi batire yakeyake, ndiye achemwali anati alemberatu ndi moto wotsalawo, adzasindikiza akayaka. Pakhonde panali anthu ambiri, mafoni akufa m'manja, akumvera a Mfundo akulongosola maonekedwe a ng'ombe yawo ngati akunena mwana.

Ali mkati molongosola, babu linayaka. Ana kumsika anakuwa monga achitira magetsi akabwera. Pulinta inakhosomola, n'kukoka pepala yokha, achemwali manja ali pachifuwa. Pepalalo linatuluka pang'onopang'ono, ndipo a Mfundo, poti ndiwo anali pafupi, analitola.

Panali Keptauni. Nkhope yake yokha, nyanga yothyoka ija, chingwe chachilendo m'khosi, tizithunzi ting'onoting'ono todzaza pepala lonse ngati nayenso akufuna kulemba mayeso.

Wina anaseka n'kusiya msanga. A Mfundo anayang'ana pepala, n'kuyang'ana achemwali.

"Mwanawe, ng'ombe yangayi inadzajambulitsa liti kuno?"

Nkhope ya achemwali inangochita ngati aipaka phulusa.

*

A Sajeni Maness a kupolisi kwathu kuno ndi mayi wamfupi, woyankhula motsitsa, amene amakufunsa funso akuyang'ana mapazi ako. Anafika anthu akunena kale kuti ndondocha yaulula eni ake. Anathamangitsa onse pakhonde, koma ine ndinakhala pansi pa zenera ndi beseni langa ngati ndikupirikitsa ntchentche.

Anayamba ndi a Mfundo. Iwo anati chibaya anatseka okha, ndipo mmawa anapeza mitengo ya pakhomo itasololedwa mwaulemu n'kusanjidwa pambali. Agalu sanauwe. Anati wakubayo ndi munthu wodziwa ng'ombe, chifukwa Keptauni mlendo amamugunda. A Sajeni atafunsa ngati pali amene akumuganizira, a Mfundo anapukusa mutu.

"Ayikona, mama. Ine sindiloza munthu. Koma chingwe ichi si changa, ndipo ng'ombe siikwera minibasi kudzajambulitsa."

A Hilary, eni situdiyo, anatsika minibasi nthawi yomweyo kuchokera ku Lilongwe kogula inki, thukuta lili kamukamu. Anachoka Lamulungu, ndipo anatchula anthu onse amene anawaona kumeneko, mpaka wogulitsa mazira padepoti. Anati makiyi ndi awiri, ena ali nawo iwo, ena ali ndi mtsikanayu. Za zimene mtsikanayu anaika mu kompyuta iwo sadziwa kanthu, ndipo anamuuzapo kuti kugwira ntchito ndi manja sikupha munthu. Ine pansi pa zenera mtima unandiwira, chifukwa ndi a Hilary omwewo ankaitana anzawo a mashopu kuti adzaone makina awo akudzigwirira ntchito.

Kenako achemwali. Anafotokoza za kachida kaja, a Sajeni n'kuwauza kuti abwereze, n'kubwerezanso. Anati pulinta ikakhala yozima ntchito siitayika, imangodikira pamzere mpaka magetsi atabwera. Dzina limene kompyuta inapatsa chithunzicho linkaonetsa kuti chinalowa Lachiwiri masana.

A Sajeni anafunsa kuti ndani anabwera ndi khadi Lachiwiri. Achemwali anati palibe. Anafunsa ngati anatulukapo. Anati anangopita kukagula chipisi, kanthawi kochepa.

"Munakhoma?"

Achemwali anayang'ana chitseko. "Ndinakhoma."

Apo ndinadziwa kuti akunama. Loko wa pasitudiyo ndi wolimba, amafuna kumumenya ndi mwala, ndipo achemwali masana sakhoma, amangokoka chitseko. Ndikudziwa chifukwa masiku onse mlonda wake ndimakhala ine. Koma Lachiwiri lomwelo pakhonde panalibe ogula, ndiye ndinapita ndi beseni kumsika.

A Sajeni anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba. Anati ngati munakhomedwa, ngati simunalowe munthu, ndiye kuti anaika chithunzicho ndi mwini kiyi, ndipo mwini kiyi akudziwa komwe kuli ng'ombe. Sanawamange unyolo. Anangowauza achemwali kuti atsogole.

*

Ine ndinawatsatira chapatali mpaka kupolisi, n'kuwatsatiranso a Sajeni pobwerera, poti anakhotera kwa a Kizito, atelala amene shopu yawo inagundana khoma ndi situdiyo. Makina awo ndi opalasa ndi mwendo, ndiye magetsi azime asazime iwo amakhalapo.

A Kizito umboni amauopa ngati njoka. Anati iwo maso awo ndi a singano, akawachotsa pansalu chala chimapita. Anati Lachiwiri ankasoka yunifolomu za amayi amvano, ndipo amayi amvano mukuwadziwa, malaya akapotoka kolala amakutchula m'pemphero. A Sajeni anawasiya alankhule zonsezo, n'kunena kuti sakufunsa za maso, akufunsa za makutu.

A Kizito anasiya kupalasa. Anati makutu okha ndiye satsekeka. Anamva chitseko cha situdiyo chikulira, mtsikana akutuluka, poti masilipasi ake amawadziwa. Loko sanamumve akumenyedwa. Mkatimo munatsala munthu, chifukwa ankaimba mluzu, kanyimbo ka ngoma kaja amavina ndi zishango. Mluzu wake wopyapyala, ngati wotulukira pagweru. Panali njinga yotsamira khoma, ndipo pochoka inkalira chitsulo chotchinga tcheni, kwetche kwetche.

"Dzina ndilibe, bwana. Mukandifunsa kukhoti ndidzati ndinamva mphepo."

A Sajeni anatembenuka n'kundipeza ndili kumbuyo kwawo. Anandifunsa ngati ndikudziwa munthu woimba mluzu wotero. Ndinati pa Manjawira amuna onse amaimba mluzu, ndipo njinga zonse n'zakutha. Sindinaname.

*

Madzulo amayi anali atakhala pakhonde osayatsa moto, ndipo kunabwera amalume, a Paison.

Muwadziwe amalume. Bambo athu anapita ku Joni ine ndikukwawa, mpaka lero kuli zii, ndiye bambo amene timamudziwa ndi amalume. Njerwa za nyumba yathu anaumba ndi iwo. Achemwali ku Balaka kokaphunzira kompyuta anawatumiza ndi iwo, atagulitsa mbuzi zawo. Chaka chino thonje linawakana, koma simungawamve akudandaula, amangoseka, gweru lili poyera.

Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kunena kuti angofika kumene kuchokera kumaliro ku Kandeu, anapita Lolemba, ndipo za Eliness azimvera panjira. Anati tisadandaule, apolisi amangoopseza, mawa amutulutsa.

Ine munthu wochokera kumaliro ndimamukonda, amakhala ndi nkhani. Ndinafunsa kuti wamwalira ndani. Anati mnzawo wina wakale, sindingamudziwe. Ndinafunsa kuti wadwala chiyani, anati kudwala basi. Nanga analalika ndani, akuchimuna ndi akuchikazi sanakangane, adzukulu sanavute? Anati zonse zinayenda bwino. Abale, maliro ake ati oyenda bwino chonchi, opanda ngakhale wokomoka mmodzi? Amayi anandikalipira kuti ndisiye kufunsa akulu ngati wapolisi.

Amalume sanakhalitse. Masiku onse akamachoka pakhomo pathu amaimba mluzu mpaka kukafika pamsewu. Tsiku limeneli anachoka chete, akukankha njinga, dzanja limodzi atagwira chitsulo chotchinga tcheni.

*

Lachinayi mmawa a Sajeni anabweretsa achemwali ku situdiyo kuti awaonetse za mu kompyuta. Tsitsi lawo linali nyankhalala, bulauzi yomweija ya dzulo. Ine ndinalowa nawo ndi kapu ya tiyi, ndipo palibe anandithamangitsa.

A Sajeni anali ndi vuto lawolawo. Kunyumba za apolisi magetsi anali asanabwerebe, foni yawo inali pafupi kuzima, ndipo masoketi onse a mu situdiyo anali odzaza ndi mafoni a anthu. Anaona kachingwe kakulendewera m'mbali mwa kompyuta, n'kulumikiza foni yawo osafunsa. Foniyo inalemba timawu tachizungu, iwo n'kungodina monga timachitira tonse kuti zichoke pamaso.

Pulinta inakhosomola.

Linatuluka pepala lodzaza nkhope ya khanda, phala lili pamphuno. Anali mwana wa a Sajeni. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinkadikira kuti aseke, koma sanaseke.

"Ndiye ngakhale foni imatenga. Bwanji dzulo simunandiuze?"

"Simunafunse," anatero achemwali, maso ali pansi.

A Sajeni anakhala pampando wa makasitomala n'kuyamba kulankhula ngati akudziuza okha. Anati wakubayu sanabwere kudzasindikiza chilichonse, palibe wakuba wopusa chotero. Ng'ombe anaijambula kuti aonetse wogula. Kenako foni inamuthera moto, magetsi kulibe Manjawira yonse, ndipo chinthu chokhacho chokhala ndi moto ndi kompyuta iyi. Anadzapala moto basi, osadziwa kuti pakhomo popalapa amalanda chithunzi. Koma munthu sangasiyidwe yekha mu situdiyo ya eni ngati si wodziwika bwino kwa wosunga kiyi.

Achemwali anangoti iwo sakudziwa.

A Sajeni anafunsa ngati kompyuta imasunga dzina la foni. Inasunga, koma linali dzina la mtundu wake chabe, timafoni tija tili ndi aliyense, ngakhale amayi anga. Kenako anafunsa funso limene ndinaona kuti achemwali ankaliopa: podula nkhope, zotsalazo zimapita kuti? Achemwali anati chithunzi chathunthu chimakhala mu foda ina. A Sajeni anati atsegule. Dzanja la achemwali, lija limathamanga ngati la woimba ng'oma, linayenda ngati la nkhalamba.

Keptauni anaoneka yense, atamangidwa pamtengo wa mthethe. Kumbuyo kwake kunali uvuni wakale wa njerwa, wogumuka mbali imodzi, ndipo pogumukapo panamera mpapaya wopindika ngati chigongono.

A Sajeni anati mauvuni otere alipo ambirimbiri kuyambira pano mpaka ku Balaka. A Hilary anasuzumira n'kunena kuti sakuudziwa. A Mfundo anaitanidwa, anavala magalasi, anati ayikona.

Koma ine ndinauzindikira. Uvuni umenewo uli kuseri kwa kaphiri, kudimba lakale la agogo anga, kumene sikupita munthu chiumireni chitsime. Njerwa za nyumba yathu ndinazisenza pamutu kuchokera pamenepo. Mapapaya a mtengo wopindikawo ndimawadya chaka chilichonse.

"Iwe Nomsa," anatero a Sajeni, akuyang'ana mapazi anga, "lero wangoti zii bwanji?"

Ndinati mutu ukundiwawa.

Anadzuka n'kuuza achemwali, mokweza pang'ono kuti nanenso ndimve, kuti mawa mmawa galimoto ibwera kuchokera kuboma. Ngati ng'ombe siinapezeke, akwera nayo, ndipo nkhani ya ng'ombe kukhoti siikhala ya masiku, imakhala ya zaka.

*

Masana ndinakawaperekera chakudya. Wapolisi wa pakhomo anandiuza kuti ndilawe kaye monga mwa lamulo lawo, n'kutisiya tikulankhula pa kazenera ka chitolokosi. Munkanunkha mkodzo. Achemwali anali opanda nsapato, atakhala pasimenti.

Ndinanong'ona kuti uvuni uja ndauzindikira. Sanadabwe. Anati iwo anadziwa pepala lija likungotuluka, poti Lachiwiri amalume anabwera kudzawaona, iwo n'kuwasiya mkati kuti akawagulire chipisi. Pobwerera anawapeza akuika foni m'thumba, koma sanaganize kanthu.

Ndinati ndiye anene. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Zala izi zinadziwa kompyuta ndi mbuzi za ndani? Ndi ine ndinatchera msamphawo, Nomsa. Akanakhala kuti sindinaike zimene zija, bwenzi atangotchaja foni yawo n'kumapita."

Ndinati nanga ng'ombe anaba ndi iwo? Anati amalume sangawasiye kuti apite kuboma, abwera okha, ndingodikira. Kenako anatulutsa dzanja pa kazenera n'kundigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa.

"Pakamwa pakopo. Ukangoyerekeza, usadzanditchulenso kuti achemwali."

Kunyumba ndinapeza amayi akusankha nyemba zomwe anasankha kale dzulo. Sindinawauze kanthu, koma anayamba okha. Anati m'banja muli zinthu zimene zimakambidwa m'nyumba, ndipo mwana satengera mwini mbumba kubwalo. Anati amalume alonjeza kuti akonza. Ndinafunsa kuti akonza liti, poti galimoto ndi mawa. Amayi anati ng'ombe ikachoka m'dera muno umboni utha, ndipo apolisi akatopa amutulutsa Eliness. Apo ndinadziwa kuti nawonso akudziwa, ndiponso kuti kukonza kwake si kubweza Keptauni.

Tsiku lonselo ndinkangoyang'ana kunjira. Njinga iliyonse yodutsa ndinkaimirira. Dzuwa linapendeka, nkhuku zinalowa, amalume osaoneka. Chakudya chinandikanika. Ndinkati ndikatseka maso ndikuona achemwali atavala zoyera za kundende akulima m'munda wa boma, ndikatsegula ndikuona njerwa za khoma lathu.

*

Lachisanu ndinafika kupolisi kusanatenthe. Ndinadziuza kuti ndikungopereka phala. Ndinakhala pamwala moyang'ana msewu, ndikuyembekezabe kuti mwina ndimva kwetche kwetche.

Inabwera ndi galimoto.

Anawatulutsa achemwali atanyamula masilipasi m'manja. Nthawi ino anawamanga unyolo, pamodzi ndi mayi wina wogulitsa kachasu. Anthu anali atayamba kusonkhana kutsidya kwa msewu, ena akuloza. Achemwali anayang'ana kumtunda kwa msewu, n'kuyang'ana kumunsi, ndipo ndinaona kuti nawonso akufuna njinga yomweyo. Ataika phazi limodzi pachitsulo chokwerera, anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono.

A Sajeni anali ataima pafupi ndi ine, akumwa tiyi. Sanandifunse chilichonse.

"Uvuni uja ndikuudziwa," ndinatero.

Mawu anatuluka aang'ono ngati si anga. A Sajeni anathira pansi tiyi wotsala, n'kuuza dalaivala kuti azimitse kaye galimoto.

Tinayenda wapansi, ine patsogolo, a Sajeni ndi wapolisi wina pambuyo, a Mfundo akutsalira ndi ndodo yawo koma osalola kubwerera. Titazungulira kaphiri, a Mfundo anaitana dzina kamodzi kokha, ndipo kuseri kwa uvuni kunamveka kulira kwa ng'ombe.

Amalume anali pomwepo, atakhala panjerwa, akudyetsa Keptauni mapesi. M'mbali mwa dimba munali zizindikiro za matayala a lole imene inayesa kulowa n'kubwerera chifukwa cha mchenga. Atationa sanathawe. Anaimirira, n'kudzikuntha fumbi kumatako, n'kuvula chipewa chifukwa cha a Mfundo.

A Mfundo sanawayang'ane. Anapita kwa ng'ombe yawo, n'kuyamba kuisisita pamphumi, akuilankhula chilankhulo cha kumgodi. Atamasula chingwe chija anachiponya pamapazi pa amalume.

"Paison, iwe unaphunzira kugwira goli pa chibaya changa."

Amalume anangoti zoona, bambo. Anafunsa a Sajeni kuti zadziwika bwanji, poti iwo chithunzi sanapatse munthu wa kuno. A Sajeni anawauza za kachingwe kaja. Amalume anatulutsa foni m'thumba n'kuitembenuza uku ndi uku ngati akuiona koyamba. Anati ankangofuna moto wochepa woti aimbire wa lole. Anati lero lomwe akanapita kupolisi, ankangodikira kuti lole ipeze njira ina. Kaya n'zoona, kaya, ine sindikudziwa.

Powamanga manja ndi pamene anandiyang'ana. Sanakalipe. Anangoti, "Wakula, mphwanga," ndipo bola akanandimenya.

Apolisi anawamasula achemwali dzuwa lili pamutu. A Sajeni anawauza kuti kunama kwa apolisi ndi mlandu pawokha, koma awakhululukira, azipita asanasinthe maganizo. Galimoto ija inanyamuka ndi amalume pamalo pamene pakanakhala achemwali. A Hilary anatumiza uthenga kuti mtsikanayu abwerere pantchito Lolemba, koma zodzichitira zokha zija achotsemo zonse, azigwira ndi manja.

Pobwerera kunyumba achemwali anali patsogolo, ine pambuyo. Ndinayesa kuwanyamulira kathumba kawo, anakaniza. Ndinati phala lija likadalipo ngati ali ndi njala, sanacheuke. Tinadutsa pamsika anthu akutiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinafune kumva zimene akunena.

Pakhomo tinapeza akazi a amalume ataima, mwana kumsana. Ana awo ena atatu anali atakhala pakhonde pathu mondondozana, pambali pawo pali thumba la zovala ndi kapoto. Amayi anali pakhomo la khitchini, chitenje chili kukamwa. Akazi a amalume sanandilankhule ine. Anauza amayi kuti poti nyumba ino ndiyo yadziwa kumangitsa, idziwenso kudyetsa, iwo akupita kwawo ku Mlangeni. Anatembenuka n'kumapita.

Kamng'ono pa anawo, kamene kamandikonda kwambiri, kanandithamangira n'kundigwira siketi, kakufunsa ngati ndatsala ndi chitumbuwa komanso kuti adadi abwera nthawi yanji. Achemwali anakanyamula osandiyang'ana, n'kulowa nako m'nyumba. Usiku umenewo anagona pamphasa pawo, pambali panga, atandifulatira, koma anagona kunyumba, osati m'chitolokosi.

Mpaka lero sanandiitane dzina. Amayi akafuna kundituma amauza khoma. Tsono inu amene mwamva zonsezi, mukanakhala pamwala paja, m'bale wanu phazi lili pagalimoto, njinga osamveka, mukanati uvuni uja simuudziwa?